Aisikilimu wa Mafuta Ochepa: Kodi Ndiye Wathanzi?

    

Lero pa wailesi yanu tikambirana za chakudya chimene agogo athu sankachidziwa, koma zidzukulu zawo zimachilirira. Ndikunena aisikilimu.

Mukalowa m'sitolo zikuluzikulu ku Chipata, pitani kumene kuli mafiriji. Mupezako zigubu za aisikilimu zamitundumitundu. Pa zina palembedwa mawu achingerezi akuti low fat, kunena kuti mafuta ake ndi ochepa. Munthu akawerenga mawuwo mtima umakhala pansi. Amati, "Uyu ndiye wabwino. Uyu sanenepetsa. Uyu ndingadye mmene ndingafunire."

Kodi n'zoona? Kodi chotsekemera chikachotsedwa mafuta ndiye kuti chasanduka chakudya chathanzi? Funso lathu lero ndi limeneli.

Ndikudziwa, wina ali pakhonde akuseka. Akuti, "Inu a pawailesi, ife kuno ku Vubwi aisikilimu timamuona kangati? Mwina pa Khirisimasi, mwina ku mwambo wa Kulamba." Musathimitse wailesi, bambo. Mawu omwewo alinso pa yogati, pa mabisiketi ndi pa majarini. Ndipo firiziti amene mwana wanu amagula pakantemba pobwera kusukulu alibe mafuta ngakhale dontho. Nkhaniyi ndi yathu tonse. Tikhale limodzi.

Tiyambe ndi funso losavuta. Kodi mu aisikilimu muli chiyani?

Muli mkaka. Muli mafuta a mkaka, aja amayandama pamwamba mkaka ukagona. Muli shuga. Ndipo muli mpweya. Inde, mpweya. Makina amamenya zinthuzi uku akuziziritsa, mpweya n'kumalowa, mpaka mwa aisikilimu wina pafupifupi theka la chigubu limakhala mpweya wokhawokha. N'chifukwa chake chigubu chachikulu chimapepuka m'manja.

Nanga mafuta ntchito yake n'chiyani? Mafuta ndi amene amachititsa kuti aisikilimu azisalala pa lilime. Ndi amene amasunga fungo. Mukawachotsa, chotsala chimakhala chamadzimadzi, ndipo chikauma chimakhala ndi timiyala ta ayisi.

Amayi, inu mukudziwa bwino zimenezi. Mukaphika chibwabwa chopanda nsinjiro ndiponso chopanda saladi, mumatani kuti ana asakankhe mbale? Mumawonjezera kamchere. Mumasakasaka tomato ndi anyezi. Chimene chasowa mumachibwezera ndi china. Kufakitale amachitanso chimodzimodzi. Akachotsa mafuta, amabwezera ndi shuga, ndi manyuchi opangidwa kuchokera ku chimanga, ndi zinthu zina zolimbitsa kuti aisikilimu asakhale ngati madzi. Amafuna kuti mugulenso mawa, choncho sangakugulitseni chinthu chosakoma.

Mumve bwino pamenepa. Mawu a kutsogolo kwa chigubu amakuuzani chimene chachotsedwa. Sakuuzani chimene chalowa m'malo mwake. Ndibwereze. Amakuuzani chimene chachotsedwa, sakuuzani chimene chalowa. Paja akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Koma tisawanamizire opanga zinthuwa. Si kuti zonse n'zabodza ayi. Mafuta amapatsa thupi mphamvu zoposa kawiri zimene shuga wolemera chimodzimodzi amapereka. Choncho mafuta akachepa, mphamvu zimene zingasanduke kunenepa zimachepako ndithu. Komanso mafuta a mkaka ali m'gulu la mafuta aja amene amauma akazizira, ndipo akachuluka m'zakudya amakweza mafuta oipa m'magazi. Kwa munthu amene madokotala anamuchenjeza za mtima, kuchepetsa mafuta otere n'kwanzeru. Phindu lilipo. Koma ndi laling'ono, ndipo limatha msanga. Limatha pamene mwatenga sipuni yachiwiri chifukwa choti mtima uli m'malo.

Palinso kamsampha kena. Pa zigubu zina salemba low fat, amalemba reduced fat. Mawu awiriwa si amodzi. Malamulo a zakudya amene mayiko ambiri amatsata amati chakudya cholimba chitchedwe cha mafuta ochepa ngati mafutawo sapitirira magalamu 3 pa magalamu 100 alionse. Koma mawu achiwiriwo amangofuna kuti mafuta achepe ndi gawo limodzi mwa magawo anayi poyerekeza ndi chinzake choyambirira. Ndiye ngati choyambiriracho chinali chonona kwambiri, ichinso n'chonona. Changochepako.

Tsopano tiwoloke nyanja pang'ono, timve zimene zinawachitikira anzathu a ku America. Iwo msewu uwu anauyenda kale.

Mu 1977, komiti ina ya nyumba ya malamulo ya dzikolo inalangiza anthu kuti achepetse mafuta m'zakudya. Makampani anamva, ndipo anaona malonda. M'zaka zotsatira masitolo anadzaza ndi zakudya zolembedwa kuti zilibe mafuta. Mu 1992 kampani ya Nabisco inatulutsa mabisiketi otchedwa SnackWell's. Anthu anawakonda mpaka ankatha m'masitolo. Munthu amene kale ankadya mabisiketi awiri, tsopano ankamaliza paketi yonse, mtima uli mbee, poti "alibe mafuta". Koma shuga ndi ufa zinalimo zodzaza. Kodi anthu a ku America anaonda? Ayi. Kunenepa kopitirira muyeso kunapitirira kukwera zaka zonsezo. Zifukwa zake n'zambiri, koma chimodzi n'choonekeratu: mabisiketi opanda mafuta sanapulumutse munthu.

Ndipo pali china chimene chinadzaululika mochedwa. Mu 2016, akatswiri ofufuza anatulutsa makalata akale oonetsa kuti m'zaka za m'ma 1960, bungwe la makampani a shuga ku America linalipira asayansi a pa yunivesite ya Harvard. Ntchito yawo inali kulemba lipoti la matenda a mtima. Lipotilo linatuluka mu 1967. Linapeputsa mlandu wa shuga, n'kuloza chala mafuta. Mwamva? Wogulitsa shuga ndiye analipira woweruza mlandu wa shuga.

Tibwerere kwathu. Tikambe za shugayo tsopano, chifukwa m'midzi mwathu muno mlendo amene walowa mwakachetechete ndi ameneyu.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linapereka malangizo mu 2015. Linati munthu wamkulu asapitirire masipuni a tiyi pafupifupi 12 a shuga wothira patsiku. Linawonjezera kuti zingakhale bwino koposa atatsika kufika pa masipuni 6. Si shuga wa mu tiyi yekha ayi. Ndi yense, kuphatikizapo wobisika m'zakumwa, m'mabisiketi ndi m'maswiti.

Tiyeni tiwerengere limodzi tsiku limodzi. M'mawa, tiyi. Mumathira masipuni angati? Musandiyankhe, dziyankheni nokha. Ambiri ndi atatu, ena anayi, ndipo kapu imodzi siikwana. Masana kwatentha, mwapita pa boma, mwagula botolo la chakumwa chozizira. M'kabotolo kamodzi kakang'ono muli masipuni 8 kapena kuposa. Madzulo mwamwa maheu a m'sitolo, namonso athiramo shuga. Kodi mwafika pati? Mwadutsa kale malire, aisikilimu musanamukhudze n'komwe. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Ndiye taganizani za firiziti uja. Madzi, utoto, fungo la chipatso, ndi shuga. Mafuta mulibe. Atafuna, wogulitsa akhoza kulemba pa pepala kuti mulibe mafuta, ndipo sanganame. Koma kodi pali mayi amene anganene kuti mwana wake wadya chakudya chathanzi chifukwa wayamwa firiziti? Palibe. Aisikilimu wa mafuta ochepa ndi mkulu wake wa firiziti. Ali ndi mkaka pang'ono, n'zoona, koma onse ndi a banja la zotsekemera.

Shuga wambiri amabola mano a ana. Amanenepetsa. Ndipo kunenepa, pamodzi ndi chibadwa cha m'banja ndi kusagwiritsa ntchito thupi, kumatsegulira khomo matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Kale tinkati awa ndi matenda a mabwana a ku Lusaka. Lero pitani pa chipatala cha St Francis ku Katete tsiku la odwala shuga ndi BP. Mupezapo alimi, aphunzitsi, amayi a pamsika, anthu a m'midzi mwathu momwemuno. Kafukufuku wa dziko lonse wa mu 2017 anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa asanu alionse m'Zambia ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Ambiri sadziwa n'komwe. Matendawa sapweteka poyamba. Chakudza sichiimba ng'oma. Boma nalo linaona vutoli, ndipo kuyambira mu 2019 zakumwa zozizira zili ndi msonkho wake.

Wina anena kuti, "Nanga si shuga wathu ali ndi vitamini A?" Mwanena zoona. Kuyambira mu 1998, shuga wogulitsidwa m'Zambia amathiridwa vitamini A, kuti ateteze maso ndi matupi a ana. Anasankha shuga chifukwa amafika m'nyumba zambiri. Sanatanthauze kuti tizidya wambiri. Ndipo mvetserani ichi: vitamini A ameneyo, kuti alowe bwino m'thupi, amafuna mafuta. Karoti, mbatata yofiira m'kati, chimanga chofiira, masamba obiriwira, zonsezi zimapindulitsa kwambiri zikadyedwa ndi kamafuta.

Apa ndiye tafika pamtima pa nkhani yathu. Kodi mafuta ndi mdani?

Kuno kum'mawa timalima nshawa. Mtundu wa Chalimbana umadziwika dziko lonse. Pafupifupi theka la njere ya nshawa ndi mafuta, ndipo ndi mafuta abwino, a mtundu umene suvutitsa mtima. Timalima mpendadzuwa. Timalima soya. Tili ndi makotapela, amene anzathu a ku Malawi amati mapeyala. Chuma cha thupi chili m'nkhokwe mwathu.

Pamene a ku America ankalimbana ndi kunenepa, ife tili ndi nkhondo ziwiri nthawi imodzi. M'nyumba imodzi mukhoza kupeza bambo wa matenda a shuga ndi mwana wopinimbira. M'dziko muno, pafupifupi mwana mmodzi mwa atatu alionse osakwana zaka zisanu ndi wamfupi kuposa msinkhu wake chifukwa cha kuperewera kwa zakudya. Mwana wotere safunika kuchepetseredwa mafuta. Kamimba kake n'kakang'ono. Phala lamadzimadzi limamudzaza msanga asanapeze mphamvu zokwanira. Sipuni ya nsinjiro m'phalamo, kapena kadontho ka saladi, ndi zimene zimamukweza pa sikelo.

Amayi amene munagonapo m'chipatala ndi mwana wonyentchera, mukukumbukira zimene anakupatsani? Chiponde cha m'timapaketi. Muli chiyani m'menemo? Nshawa, mafuta, mkaka wa ufa, shuga ndi mavitamini. Chakudya chimenechi chinapangidwa ku France m'zaka za m'ma 1990, ndipo chinayesedwa kwambiri kwa anansi athu ku Malawi. Chapulumutsa ana osawerengeka. Mphamvu yake yaikulu ili m'mafuta. Ndiye wina akakuuzani kuti mafuta onse ndi oipa, mufunseni kuti chipondecho chimachiza bwanji.

N'chifukwa chake a zaumoyo amati mwana wosakwana zaka ziwiri asapatsidwe mkaka wochotsedwa mafuta. Ayamwe bere, ndipo akayamba kudya, adye zakudya zokhala ndi mafuta ake. Ubongo wake ukukula, ndipo umafuna mafuta.

Chimene chimandiwawa ine ndi ichi. Nyengo yokolola ikafika, mavenda amaika masikelo m'mbali mwa msewu. Timagulitsa nshawa zonse, thumba ndi thumba, osasiyako ngakhale za nsinjiro. Ndalama ikalowa m'thumba, timakagula zakumwa zamitundu, mabisiketi ndi tokhwasulakhwasula ta m'mapaketi, kuti ana aone kuti kunyumba kwabwera ndalama. Tagulitsa chakudya chomanga thupi, tagula utoto ndi shuga. Ikafika Januwale, phala la mwana lilibe kanthu. Kodi pamenepa tapindula?

Ndisanachoke pa nshawa, kachenjezo kamodzi. Nshawa zachuku, zofota kapena zowawa musazisinje. Musamapatse ana, ngakhale kuzikazinga. Chuku chimenecho chimasiya poizoni amene amawononga chiwindi, ndipo moto sumupha. Ziumitseni bwino, zisankheni, ndipo musaziwaze madzi pofuna kuti zisavute kuswa.

Mafuta oyenera kuwaopa alipo, ndipo tonse timawadziwa. Saladi amene wakazingira zitumbuwa Lolemba, Lachiwiri, Lachitatu, mpaka wada bii, ameneyo ndi woipa. Nyama yonona ya pachiwaya tsiku ndi tsiku, imeneyo ichepe. Koma nsinjiro m'ndiwo musaiope.

Tsopano titembenukire ku mbali ina imene chigubu sichinena. Kuzizira.

Aisikilimu ndi mkaka, ndipo mkaka suchedwa kuwonongeka. Kuchoka kufakitale kufika m'manja mwanu, ayenera kukhala wouma ulendo wonse. Taganizani mtunda wochoka ku Lusaka kufika ku Chipata, ndiyeno msewu wa ku Vubwi, m'dzuwa la Okutobala. Kumbukiraninso chaka cha 2024, pamene chilala chinaphwetsa madzi ku Kariba ndipo magetsi ankathima nthawi yaitali. Firiji ikazima, aisikilimu amasungunuka. Magetsi akabwera, amaumanso. Tizilombo timene tinaswana pamene anali wosungunuka sitifa ndi kuzizira. Timangogona.

Mungamudziwe bwanji wotere? Onani chigubu. Ngati chaphwa, ngati pamwamba pali ayisi wambiri, ngati aisikilimuyo watsika n'kulimba ngati mwala kapena akumata kunja kwa chivundikiro, musiyeni. Akhale wa mafuta ochepa, akhale wa mafuta ambiri, musiyeni.

Ndipo ife a ku Vubwi sitinaiwale Januwale wa 2023, pamene kolera inabuka m'boma lathu lino. Inu amayi amene mumapanga firiziti wogulitsa, ntchito yanu ndi yabwino, imalipira sukulu ya ana. Koma madziwo aziwiritsidwa kapena kuthiridwa klorini, ndipo m'manja muzisamba ndi sopo. Firiji siphika madzi. Ndibwereze, firiji siphika madzi. Inunso ogula, mwana amang'amba kapepala ka firiziti ndi mano. Kapepalako kagwiridwa ndi manja angati?

Nanga tsono titani? Kodi ndikuti aisikilimu asiyidwe? Ayi. Moyo wopanda kotsekemera ndi wowuma. Ine ndikuti timuike pamalo pake.

Mukagwira chigubu kapena paketi, musakhutire ndi kutsogolo. Tembenuzani. Kumbuyo kuli timalemba ting'onoting'ono, ndipo choonadi chili kumeneko. Zinthu zimene zili m'katimo amazilemba motsatana, kuyambira chochuluka kwambiri. Ngati shuga ali pamalo oyamba kapena achiwiri, mwadziwa chimene mukugula. Onaninso magalamu a shuga. Magalamu 4 ndi sipuni imodzi ya tiyi. Ikani zigubu ziwiri pamodzi, cha mafuta ochepa ndi chinzake, muone chimene chili ndi shuga wambiri. Nthawi zina mudabwa. Ngati maso sakuona bwino, kapena Chingerezi chikuvuta, mwana wa sukulu akuwerengereni. Safunsa anadya phula.

Ena afunsa za zolembedwa kuti zilibe shuga, zimene amathiramo mankhwala otsekemera. Mu 2023 bungwe la WHO linalangiza kuti anthu asadalire zotsekemera zoterezi ngati njira yochepetsera thupi. Nzeru yake ndi yakuti lilime lizolowere kutsekemera kochepa. Ndipo limazolowera. Yesani kuchotsa sipuni imodzi mu tiyi wanu. Masiku oyamba mudandaula. Pakapita milungu ingapo, tiyi wakale uja mudzamumva kutsekemera mopitirira.

Mwezi wa Ogasiti, tikapita ku Mkaika ku Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi, mwana akaona wogulitsa aisikilimu n'kuyamba kukoka chitenje, mugulireni. Kamodzi, kakang'ono, kouma bwino. Asangalale. Chigamulo changa n'chakuti aisikilimu weniweni pang'ono, mwa apo ndi apo, aposa mbale yodzaza ya wa mafuta ochepa Lamlungu lililonse. Kusiyana kwa zigubu ziwirizo n'kochepa. Kusiyana kwakukulu kuli pa kukula kwa mbale ndi kuchuluka kwa masiku.

Masiku ena onse, zotsekemera tili nazo. Mango akapsa amachita kugwa okha. Masuku, magwafa, nthochi, mapapaya. Shuga wa m'chipatso chathunthu amabwera ndi zotsalira zake zimene zimakhutitsa ndi kuchedwetsa shugayo kulowa m'magazi. Inu amene muli ndi firiji, sendani nthochi zakupsa kapena mango, muumitse, kenako musinje ndi kamkaka pang'ono. Ana sadzafunsanso za m'sitolo. Opanga firiziti wa malambe, chepetsani shuga, kuwawasa kwake n'komwe anthu amakonda.

Inu amene muli kale ndi matenda a shuga, mawu akuti mafuta ochepa asakupusitseni. Chimene chimakweza shuga wanu chikadali momwemo. Musanalawe, funsani kuchipatala.

Ndikusiyireni mapempho awiri. Abambo ndi amayi amene mwapitirira zaka 40, kapena amene m'banja mwanu muli wodwala shuga kapena BP, pitani kuchipatala chapafupi sabata ino akakupimeni, ngakhale mukumva bwino. Ndipo chaka chino, mavenda asanafike ndi masikelo awo, patulani thumba la nshawa la ana, mulibise kuchipinda, ndipo lisagulitsidwe ngakhale mtengo utakwera bwanji.